Kodi mpanda wanga wandiumitsa mtima?

Funso: Abusa, ndine mayi wa Mvano, ndimakhala ku Chitakale ku Mulanje. Ndinakulira m'malaini a pa esiteti, mayi anga ankathyola tiyi. Lero Mulungu anatikumbukira: ndili ndi shopu ya simenti ndi malata, bambo akunyumba ali pantchito ya boma, tinamanga nyumba ya mpanda ndipo tili ndi galimoto. Koma ndaona chinthu chondiopsa mwa ine. Kale ndikaona munthu akuvutika misozi inkalengeza. Pano wina akagogoda pageti kupempha ufa kapena ganyu ndimapsa mtima, ndimauza mlonda kuti anene kuti ndachokapo. Chakhumi ndimapereka osaphonya. Kodi ndachimwa? Kapena Mulungu akufuna ndizidziimba mlandu chifukwa cha madalitso amene anandipatsa yekha?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lachiwirilo poti silivuta. Ayi, Mulungu sakufuna kuti muzidya nsima yanu mwamantha. Nyumba yosadontha, ana opita kusukulu atadya, ndalama yogulira mankhwala mwana akatentha thupi usiku, izi ndi zomwe mayi anu ankapempherera ali ndi dengu kumsana m'mizere ya tiyi. Pa 1 Timoteo 6:17-18 Paulo akunena kuti Mulungu amatipatsa zinthu kuti tisangalale nazo, ndipo pomwepo akulamula amene ali nazo kuti akhale a manja otambasuka. Kudziimba mlandu sikunaphikirepo munthu phala. Ndaona anthu ambiri amene amamva chisoni ndi chuma chawo Lamulungu m'mawa, kenaka Lolemba n'kumachita zomwe ankachita kale.

Funso loyambalo ndiye lofunika kukhalira pansi. Inde, pali cholapa. Ndipo malo abwino oti muone nkhope yanu ndi pa Luka 16:19-31, nkhani ya munthu wachuma ndi Lazaro. Iwerengeni pang'onopang'ono, muone kuti Yesu sakumuneneza munthuyu mlandu uliwonse mwa milandu imene timaidziwa. Sakunena kuti anaba, kuti anali wachigololo, kapena kuti ankakhwima. Sakunena ngakhale kuti anathamangitsa Lazaro. Anamulola kugona pachipata, ndipo mwina anzake ankamuyamikira kuti ndi munthu wofatsa. Chimene tikuuzidwa n'choti ankavala bwino ndipo ankadya bwino tsiku ndi tsiku. Basi.

Tsono onani chimene chikuchitika atafa. Ali m'masautso akukweza maso, n'kumuzindikira Lazaro, mpaka kumutchula dzina. Ndiye kuti ankamudziwa. Ankamuona m'mawa uliwonse potuluka ndi madzulo aliwonse polowa, mpaka Lazaro anangosanduka mbali ya getilo. Ndipo ngakhale kumotoko sakulankhula ndi Lazaro mwini wake. Akuuza Abrahamu kuti amutume adzamunyowetse lilime, kenaka amutume kwa abale ake asanu. M'maso mwake wosauka uja akadali mnyamata womutuma. Amene amakhala pafupi ndi fakitale ya tiyi samvanso fungo la tiyi, amalimva ndi mlendo. Ndi mmene mtima wa munthu uyu unathera, ndipo ndi njira imene inu mwayamba kuyendamo. Kusiyana kwake n'koti inu mwadzidzimuka mukadali moyo.

Aneneri anaiona kale nkhani imeneyi. Amosi, woweta nkhosa wa ku Tekowa, analalikira m'masiku a Yerobowamu wachiwiri, zaka zoposa 700 Yesu asanabadwe, pamene Israeli anali pamtendere ndipo malonda ankayenda. Pa mutu 6 akufotokoza anthu ogona pa makama a minyanga ya njovu, odya anaankhosa onona, oimba nyimbo, odzola mafuta apamwamba. Sanali kukokomeza: akatswiri ofukula zakale anapeza zidutswa zambiri za minyanga yosemedwa bwino m'mabwinja a Samariya m'zaka za m'ma 1930. Koma mndandanda wonsewo ukuthera pa vesi 6, pamene mlandu weniweni uli: sankamva chisoni ndi kuwonongeka kwa Yosefe, ndiye kuti kwa abale awo. Ezekieli 16:49 ndi vesi imene simumaimva kawirikawiri paguwa. Ikunena kuti tchimo la Sodomu linali kunyada, kukhuta, kukhala pabwino mosalabadira, ndi kusagwira dzanja wosauka. Ife alaliki timathamangira machimo ena a Sodomu chifukwa sakhudza amene amakhala mipando yakutsogolo.

Mwina mukufunsa kuti zimatheka bwanji munthu wokulira m'malaini kuiwala. Sikuti mtima umasintha tsiku limodzi. Chimayamba kusintha ndi njira zimene mumadutsa. Taganizirani sabata yanu ya kale. Munkatunga madzi pa mjigo, ndipo pamzere pomwepo munkamva kuti mwana wa uje wagonekedwa, amuna a uje anapita ku Johannesburg osatumizanso kanthu. Munkakwera minibasi kapena kabaza, kukhala mothithikana ndi mayi wonyamula nanazi kupita nazo ku Limbe. Mwana akadwala munkakhala pabenchi ya chipatala cha boma kuyambira m'mamawa. Lero madzi ali m'nyumba, ulendo wa ku Blantyre ndi wa pagalimoto magalasi atakwezedwa, matenda ndi a kuchipatala cholipira. Palibe chimodzi mwa izi chimene chili tchimo. Koma chilichonse chinachotsa malo amodzi amene nkhani za ovutika zinkakupezani musanazifune. Chatsala ndi geti, ndipo pageti munthu amafika ngati wopempha basi, wopanda mbiri, wopanda mayi ake amene mumawadziwa. Kumvera chifundo munthu wopanda mbiri n'kovuta, kumupsera mtima n'kosavuta.

Chachiwiri ndi changu. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1973, akatswiri awiri a kaganizidwe ka anthu, John Darley ndi Daniel Batson, anayesa ophunzira zaubusa ku Princeton ku America. Anawatuma kukalankhula m'nyumba ina, ena a iwo pa fanizo la Msamariya wachifundo, ndipo panjira anaikapo munthu wooneka ngati wadwala, akubuula. Mwa amene anauzidwa kuti nthawi ilipo, oposa theka anaima kumuthandiza. Mwa amene anauzidwa kuti achedwa, anaima ndi mmodzi yekha pa khumi aliwonse. Mutu wa ulaliki umene anali nawo m'mutu sunasinthe zambiri. Mwini shopu amakhala wochedwa nthawi zonse: lole ya simenti yafika, wa ngongole wazemba, foni ikulira. Wansembe ndi Mlevi a pa Luka 10 aja mwina sanali anthu ankhanza, mwina anali ndi pulogalamu.

Chachitatu ndiye choopsa, chifukwa chimadzibisa m'mawu anzeru. Munthu akatuluka mu umphawi amafuna kufotokoza mmene anatulukira, ndipo kufotokoza kokoma m'kamwa ndi kwakuti ndinalimbikira. N'zoona munalimbikira. Koma mayi anu sanalimbikire? Ankadzuka kusanache, kulowa m'munda mame ali thoo, chiperoni chikuwomba, kuthyola mpaka dengu litadzaza, kukayezetsa pasikelo, kubwereranso. Anafa kapena akukalamba opanda mpanda. Mukangovomera kuti muli pamenepa chifukwa cha khama lokha, ndiye kuti mwavomeranso kuti wogogoda pageti ali pamenepo chifukwa cha ulesi. Deuteronomo 8:11-17 akuchenjeza za nthawi yomweyi: mukadya n'kukhuta, mukamanga nyumba zabwino n'kukhalamo, musadzanene mumtima kuti dzanja langa ndi limene landipezera chumachi. Palinso ulaliki umene wadzaza pa wailesi ndi m'matenti masiku ano, wonena kuti wosauka ndi wosauka chifukwa alibe chikhulupiriro kapena sanadzale mbewu kwa munthu wa Mulungu. Ulaliki umenewu umasangalatsa amene zinthu zikuwayendera chifukwa umawamasula ku udindo. Ndimaukana, ndipo inunso muukane. Anzake a Yobu analalikira zomwezo, ndipo Mulungu anawakalipira.

Mumadziwa bwino kuposa ine chifukwa chake anthu amagogoda m'mageti kuno. Minda ikuluikulu ya tiyi inayamba m'zaka za m'ma 1890, ndipo makolo a ambiri a ife, makamaka Alhomwe ochokera ku Mozambique, anakhala pamalo a azungu polipira ndi thangata. Mpaka lero Mulanje ndi Thyolo ndi ena mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno, ndipo banja lambiri lili ndi kamunda koti chimanga chake sichifika Okutobala. Ntchito yothyola tiyi imachuluka nyengo ya mvula, chilimwe chikafika ambiri amaimitsidwa. Nthochi zimene zinkaphunzitsa ana ku Thyolo zinatha ndi matenda a chisaka. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Bambo wobwera kudzapempha ganyu yosesa pabwalo panu sakufuna zaulere, akufuna ntchito. Vesi ija imene timaikonda, ya pa 2 Atesalonika 3:10, ikunena za munthu wokana kugwira ntchito. Siikunena za amene waisowa.

Za chakhumi ndinena mosapsatira, ngakhale ndine m'busa ndipo ndimadya za paguwa. Chakhumi chikhoza kusanduka lisiti imene munthu amaonetsa chikumbumtima chake kuti asamusowetse mtendere. Pa Mateyu 23:23 Yesu akudzudzula anthu amene ankapereka chakhumi mpaka cha timbewu ta m'dimba, koma atasiya chilungamo, chifundo ndi kukhulupirika. Sanawauze kuti aleke chakhumi. Anati zonse ziwiri zichitike. Pitirizani kupereka, koma musaganize kuti envulopu ya Lamulungu yakulipirirani za pageti.

Ndikukumbutseninso za namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola midzi mbali ya ku Muloza ndi ku Phalombe, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno, ndipo oposa 500,000 anasiya nyumba zawo. Masabata amenewo Akhristu tinachita bwino. Amayi a Mvano, a Dorika, a m'malimana anasonkha zovala, ufa, ndowa, mabulangete, kupita nazo m'misasa ya m'masukulu. Ndikukhulupirira kuti inunso munalipo. Koma chifundo cha nthawi ya namondwe sichivuta, chifukwa zithunzi zimakhala zili pa WhatsApp ndipo aliyense akulira. Misasa itatsekedwa, anthu aja anabwerera ku minda yokwiririka ndi mchenga ndi miyala. Ena mwa ogogoda pageti panu lero ndi omwe aja amene munawapatsa bulangete mukulira. Chasintha ndi chakuti kulibenso makamera.

Tsono ndisakupanikizeni mopanda chilungamo. Kutopa kwanu n'koona. Munthu mmodzi akatukuka pamtundu, mtundu wonse umamuyang'ana: fizi ya mwana wa achimwene, bokosi la maliro, feteleza wa azakhali, thiransipoti ya wodwala. Foni ikalira kuchokera kumudzi mtima umagunda. Ndipo onama alipo. Pali amene amayenda ndi kabuku ka kuchipatala komweko chaka chonse, pali amene mukawapatsa ya ufa imakathera ku kachasu. Baibulo silikukuuzani kuti mukhale chitsiru. Pa 1 Timoteo 5 Paulo akuika ndondomeko yoti adziwe amasiye ofunikadi thandizo la mpingo ndi amene abale awo angawasamale. Simungathandize Mulanje yense, ndipo Mulungu sanakupempheni zimenezo. Koma taonani kuti kusiyanitsa wonama ndi woona kumafuna kuti mumuone munthuyo ndi kumufunsa. Mlonda akanena kuti mwachokapo, simunasiyanitse kanthu. Mwabweza onse pamodzi.

Ndiye choyamba choti muchite mawa lomwe ndi ichi: lekani kumunamitsa mlonda wanu. Mukumulipira kuti aziteteza nyumba, osati kuti azichimwa m'malo mwanu. Taganizaninso zimene amaphunzira za Chikhristu akamakuonani Lachinayi mutavala yunifolomu ya Mvano, bulauzi yoyera ndi duku, atangonena bodza limene mwamutuma. Ngati mulibe choti mupereke, tulukani nokha, mupatseni munthuyo moni, mumufunse kwawo, mumuuze kuti lero sizitheka. Zimatenga mphindi zochepa, ndipo zimapweteka pang'ono. Kupwetekako musakuthawe, chifukwa ndi kumene kukudzutseni.

Chachiwiri, musanayang'ane kunja kwa mpanda yang'anani mkati mwake. Lazaro wa anthu ambiri a mpingo sagona pageti, amagona m'kanyumba ka kuseri. Mtsikana wantchito amalandira zingati, ndipo amalandira pa tsiku lake kapena mpaka akumbutse kawiri? Amadya ndiwo zomwe mukudya inu, kapena iye ndi bonya pamene patebulo pali nkhuku? Ngati ndi wa msinkhu wa sukulu, n'chifukwa chiyani ali pa sinki pamene ana anu ali m'kalasi? Mlonda ali ndi jekete ya mu Juni? Anyamata otsitsa simenti pashopu, amene amaweruka ali mbuu ndi fumbi mpaka m'nsidze, mumawadula ndalama thumba likang'ambika? Pitani ku ofesi ya zantchito pa boma mukafunse malipiro ochepetsetsa amene lamulo likunena panopa, muyerekeze ndi amene mukupereka. Yakobo 5:4 akunena kuti malipiro obedwa a antchito amafuula mpaka kumwamba, ndipo Deuteronomo 24:15 akuti waganyu alipidwe dzuwa lisanalowe chifukwa mtima wake uli pa ndalamayo. Pamenepa sitinafike n'komwe pa chifundo, tikadali pa ngongole. Ndimadabwa ndi Akhristu amene amapereka mbuzi pa Sande ya masika anthu akuwomba m'manja, koma wantchito wawo ali ndi miyezi iwiri osalandira.

Chachitatu, musadikire kuti misozi ibwerere kaye. Mulungu polamula Aisraeli za osauka sanadalire mmene akumvera tsiku limenelo. Pa Levitiko 19:9-10 anati pokolola musakolole mpaka m'mphepete mwa munda, ndipo zogwa musatole, n'za osauka ndi alendo. Gawolo linali lodziwika mwini munda asanaone n'komwe nkhope ya wodzakunkha. Rute anadya chifukwa cha lamulo limeneli. Inunso khalani pansi ndi bambo akunyumba, mugwirizane ndalama kapena matumba a chimanga amene mwezi uliwonse si anu, padera pa chakhumi. Zikakhala zopatulidwa kale, wopempha sakhalanso ngati wakuba amene akudzakulandani, chifukwa akutenga za m'mphepete mwa munda. Zikatha zatha, ndipo mukhoza kunena kuti ayi popanda bodza ndi popanda mkwiyo. Mabanja ambiri amakangana pa zothandiza achibale chifukwa aliyense amapereka mobisa kwa a kwawo. Kugwirizana poyera kumathetsa zimenezo.

Ndikulangizaninso kuti mbali yaikulu ya gawolo ipite kwa anthu ochepa amene mukuwadziwa bwino, m'malo momwaza timakobiri kwa aliyense. Mwana mmodzi wamasiye amene wasankhidwa kupita kusekondale koma alibe fizi, mumutenge mpaka alembe mayeso a Fomu 4. Gogo mmodzi wolera zidzukulu, mumufolerere nyumba, poti malata ndi anu omwe. Mayi mmodzi amene katapila wamumanga, mumuombole n'kumuthandiza kulowa banki m'khonde. Mukatero mudzadziwa dzina la mwanayo, mudzaona lipoti lake, mudzakwiya akalephera masamu. Mtima umatsatira kumene chuma chapita, ndi mmene Yesu ananenera pa Mateyu 6:21.

Ndipo pitani ndi miyendo yanu. Kutumiza pa Mpamba kapena Airtel Money n'kothandiza, koma foni siinunkha. Amayi a kumlaga kwanu akamapita kukaona odwala, musangosonkha n'kutsala. Lowani m'khitchini ya magadiyani pa chipatala cha boma kapena ku Mulanje Mission madzulo, muone mayi akupemerera moto wa tinkhuni tonyowa pa mafuwa, kapoto kakuda kali pamoto, ufa wotsala uli m'kajumbo koti sufika mawa, wodwala wake ali ku wodi sabata yachitatu. Khalani naye pamphasa. Simudzafunika kuti wina akulalikireni za chifundo tsiku limenelo. Galimoto yanunso ikhale ndi ntchito imeneyi: usiku wina idzanyamule mayi wapakati wa m'mudzi woyandikana nanu, mipando ide, mudzatsuka.

Timakonda kunena kuti kupatsa n'kuika, ndiponso kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire mawa adzazima zako. Makolo ananena zoona, ndipo mudzi umayenda ndi nzeru imeneyo. Koma muone pamene imathera. Munthu akafika poti sakuyembekezanso kuti wosauka adzamuzimira ndevu, poti ali ndi inshuwalansi ndi akaunti kubanki, chifukwa chopatsira chimatha. Ndi chimene chachitika kwa ambiri otukuka: amasonkha zambiri pa ukwati wa mwana wa bwana mnzawo, pamaliro a wosauka amaponya kandalama m'mbale n'kunyamuka adzukulu asanamalize kukumba. Yesu pa Luka 14:12-14 anapitirira pamenepo. Anati ukakonza phwando uitane amene sangathe kukubwezera.

Mawu omaliza ndi a ku mpingo, poti ndinu mayi wa Mvano ndipo muli ndi pakamwa pamsonkhano. Pa Machitidwe 6 atumiki oyamba anasankhidwa chifukwa amasiye ena ankaiwalika pogawa chakudya. Lero mipingo yathu yambiri imachita Pepala Sande ya matailosi, ya zokuzira mawu, ya galimoto ya abusa, ndipo thumba la osowa limakhala ndi zotsala. Msonkhano ukubwerawu imikani dzanja mufunse msungichuma kuti chaka chathachi ndalama zingati zinapita ku chitukuko cha nyumba ya mapemphero ndipo zingati zinapita kwa amasiye ndi odwala, ndipo mupemphe kuti ziwerengerozo zilembedwe pa bolodi. Ena adzakuyang'anani ndi diso lofiira, mwina ndi abusa omwe. Funsanibe, koma mufunse mutakonza kale malipiro a mtsikana wantchito uja, chifukwa amayi anzanu amadziwa zimene zimachitika kuseri kwa mpanda wanu.